Kusintha oyilo wa giyabokosi ya otomatiki pa Corolla yakale kuno ku Nchalo

Galimoto yanga ndi Toyota Corolla ya 2003, ya injini ya 1NZ, imodzi mwa zija zimachokera ku Japan zitayendako kale. Giyabokosi yake ndi ya otomatiki, ya magiya 4. Oyilo wa injini tonse timamukumbukira, koma wa m'giyabokosi ambiri timamuganizira pokhapokha galimoto ikayamba kugunda polowa giya.

Kuno kuchigwa oyiloyu amazunzika kuposa kumtunda. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, ndiye onjezanipo chitunda cha Thabwa popita ku Blantyre, muli pambuyo pa lole yodzaza shuga, galimoto ikungokwawa, mphepo yofika pa rediyeta ili yochepa. Oyilo wa giyabokosi amazizira podutsa m'rediyeta yomweyo. Ntchito yakenso si kufewetsa zitsulo kokha: ndi iyeyo amene amatenga mphamvu ya injini n'kuipereka ku magiya kudzera mu torque converter, chipangizo chodzaza oyilo cholumikiza injini ndi giyabokosi, ndipo ndi iyeyonso amakankha makilachi a m'kati kuti giya isinthe. Akapsa, zonsezi zimafooka pamodzi.

Ndinayamba ndi kumuona kaye. Ndinasolola dipstick ya giyabokosi, kachitsulo kakatali koyezera oyilo, ndi kudontheza oyilo pa pepala loyera. Watsopano amakhala wofiira, woonekera. Wanga anali wabulawuni ngati tiyi wopanda mkaka, koma sankanunkha chopserera, ndipo magiya ankalowa onse, kungoti D, giya yoyendera kutsogolo, ankachedwako pang'ono m'mawa. Apa mpamene muyenera kudziuza zoona. Oyilo akakhala wakuda bii, akununkha kupsa, galimoto n'kumalira injini koma osathamanga, makilachi anatha kale, ndipo oyilo watsopano sangawabwezeretse. Akakhala wotuwa ngati wasakanizidwa ndi mkaka, mwalowa madzi. Zimenezi zimachitika rediyeta ikabooka m'kati, kapena galimoto ikamira pamadzi akuya, monga zinachitikira zambiri kuno nthawi ya namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Ya madziyi musaichedwetse, ipite kwa makaniko wodziwa magiyabokosi.

Chachiwiri ndi mtundu wa oyilo, ndipo apa mpomwe galimoto zambiri zimafera. Pa shopu mukangoti "ATF", dzina la oyilo wa giyabokosi ya otomatiki, akupatsani botolo lililonse lofiira lomwe lili pafupi. Yanga imafuna Toyota Type T-IV, ndipo zinalembedwa pa dipstick penipeni. Ma Corolla akale kuposa iyi, a m'ma 1990, ambiri amamwa Dexron. Toyota zapambuyo pake zina zimafuna WS, ndipo za giyabokosi ya mtundu wina yotchedwa CVT, monga ma Vitz ndi ma Sienta ambiri, zili ndi oyilo wakewake amene salowana ndi enawa m'pang'ono pomwe. Ine ndinagula chitini cha malita 4 ku Blantyre, chosatsegula, chidindo chake chili chonse. Wopima m'mabotolo a madzi m'mbali mwa msewu, ngakhale atsike mtengo bwanji, ayi ndithu. Ndinagulanso gasiketi ya sampu (chibeseni cha pansi chosungira oyilo), sefa ya m'kati ndi washala watsopano wa pabawuti yokhetsera.

Jeke yokha sindiikhulupirira, makamaka pa dothi lathu la mchengali. Ndinapempha dzenje kwa makaniko wina wachikulire pafupi ndi msika, ndipo ntchito tinaiyamba m'mamawa dzuwa lisanakwiye. Ndinaiyendetsa kaye pang'ono kuti oyilo afunde, chifukwa wofunda amatuluka msanga ndipo amatenga zinyalala. Afunde chabe. Wochokera ulendo wautali amasupula khungu.

Handibuleki m'mwamba, giya pa P, injini yozima. Pansi pali masampu awiri, wa injini ndi wa giyabokosi, choncho yang'anitsitsani musanagwire sipanala. Wa giyabokosi pa galimoto iyi uli mbali ya kumanzere, kumene kumakhala pasenja. Ndinapukuta fumbi lonse mozungulira bawuti, ndinatchera beseni loyera, n'kumasula pang'onopang'ono, kumapeto ndi zala, ndikuikankhira m'mwamba mpaka mazinga atatha kuti oyilo asanditsikire m'mkono.

Atasiya kudontha tinamasula sampu. Mabawuti ake ndi ang'onoang'ono ndipo ndi ambiri. Madala aja anandigwira dzanja: "Achimwene, siyani awiri a mbali imodzi, sampu ipendekeke kaye." Anali ndi chifukwa, pakuti pansi pake pamatsalira oyilo wina amene bawuti yokhetsera samufikira. M'kati mwa sampu muli timaginito tating'ono. Tanga tinali titakutidwa ndi phala lotuwa, losalala ukalifikisa pakati pa zala, ndipo limenelo ndi fumbi la zitsulo la masiku onse, silodetsa nkhawa. Chimene ndinkafufuza ndi tizidutswa tobaya chala kapena tonyezimira ngati mkuwa, chizindikiro choti china chake chikudyeka m'katimo. Sitinapezemo. Ndinatsuka sampu ndi timaginito, ndinaumitsa, n'kubwezera tonse pamalo pake. Nsanza yothothoka ulusi isayandikire pamenepa, chifukwa tinjira ta oyilo m'giyabokosi n'topapatiza kwambiri moti kaulusi kamodzi kangathe kukakamiza valavu.

Sefa yatsopano inalowa, gasiketi yatsopano pa sampu youma, yopanda silikoni. Mabawuti timamanga modumphadumpha, uku kenako kutsidya, ndi dzanja lopepuka. Mukalimbitsa ngati mukumanga tayala, gasiketi imafinyika n'kuyamba kudontha, kapena mazinga a m'chitsulo chofewacho amatha.

Tsopano gawo limene ine ndimaliona lofunika kuposa onse: kuyeza zomwe zatuluka. Ndinathira oyilo wakaleyo m'mabotolo a malita odziwika, ndipo anakwana malita 3 ndi kakusefukira pang'ono. Giyabokosi yonse imasunga pafupifupi malita 7, koma ochuluka amatsalira mu torque converter ndi m'mapaipi, satuluka ndi bawuti. Ndiye musamve za munthu wokuuzani kuti thirani chitini chonse. Mubwezere muyeso womwe watuluka, ndipo ndi bwino kuperewerako pang'ono kusiyana ndi kupyola, chifukwa kuonjezera n'kosavuta pamene kuchotsa kumafuna kulowanso m'dzenje. Oyilo akachuluka amachita thovu, ndipo thovu silikankha kilachi bwino, limangoonjezera kutentha.

Pothira mpomwe pamalowa dipstick pomwepo. Pamafunika fanelo ya khosi lalitali, yoyera, ndi mtima wodekha, chifukwa kapaipiko kamameza pang'onopang'ono. Kukakhala kamphepo ka fumbi, phimbani fanelo ndi dzanja.

Nditathira ndinaliza injini, phazi pa buleki, n'kuyendetsa ndodo ya giya kuchoka pa P kupita R, N, D, 2, L, paliponse ndikuima masekondi angapo, kenako kubwerera pa P. Ndinasuzumira pansi ngati pali podontha. Kenaka ndinaiyendetsa mumsewu wa M1 cha ku Ngabu mpaka itatenthera bwino, n'kuiimika pamalo athyathyathya. Toyota imayezedwa injini ikulira, giya ili pa P. Solola, pukuta, bwezera mpaka pansi, sololanso. Oyilo afike pakati pa timizere ta HOT ta pa dipstick. Timizere ta COOL n'tongokuthandizani poyambira, musatidalire. Ndipo musayeze mutangotsika kumene ku Thabwa kapena mutayenda mtunda wautali masana, chifukwa oyilo akatenthetsa amafufuma n'kukunamizani kuti wadzaza. A Honda samalani, zambiri mwa izo zimayezedwa injini itazima. Wanga anaperewera pang'ono, ndinaonjezera theka la kapu, n'kuyezanso.

Popeza watsopano wasakanikirana ndi wakale, mtundu sunafiire kwenikweni, ndipo zimenezo sizinandidabwitse. Njira yake ndi kubwereza: muyende nayo masabata angapo, mukhetsenso pa bawuti pokha osamasula sampu, mubwezere muyeso womwewo. Mukatero katatu, pafupifupi magawo 3 mwa 4 amakhala atsopano. Pa galimoto yakale yosadziwika mbiri yake ndimakonda njira imeneyi kuposa makina opopa oyilo yense nthawi imodzi, amene angathe kutakasa zinyalala zomwe zinakhazikika n'kukazitsekera m'mavalavu. Imadya ndalama pang'onopang'ono, zomwenso zimagwirizana ndi thumba la ambirife.

Kuchedwa kwa D m'mawa kunachepa, ndipo kusintha kuchoka giya yoyamba kupita yachiwiri kunafewa. Pachitunda ndimazimitsa O/D, batani lolola giya yachinayi, kuti isamangosakasaka magiya, ndipo potsika ndimaika pa 2 kuti mabuleki apume.

Oyilo wakale ndinamuthira m'chigubu chotseka bwino n'kumusiya ku galaja komweko, kumene amasonkhanitsa wotere. Kuno madzi ali pafupi ndi nthaka ndipo ambiri timamwa a pamjigo, choncho wothira pansi kapena m'ngalande amathera m'madzi omwewo. Pa kapepala ndinalemba makilomita a pa dashibodi, tsiku, mtundu wa oyilo ndi malita omwe analowa, n'kukaika m'kabokosi ka kutsogolo pamodzi ndi mapepala a inshuwalansi, kuti pokhetsa kachiwiri ndidzadziwe poyambira.