Chimanga chathu chizigona konkuno

Kuno ku Nambuma chimanga chikangolowa m'nyumba mu Meyi, mavenda amakhala atapachika kale masikelo awo pansi pa mitengo. Timagulitsa pa mtengo wolira chifukwa fizi ya ana ikufunika ndipo mwini ngongole ya feteleza waima pakhomo. Ikafika Januwale chimanga chomwecho chimabwerera pa lole, ife n'kumachigula pa kandowa ndi ndalama ya ganyu. Ine zimandiwawa, chifukwa amene analima ndi ife, koma phindu amadya ndi amene anali ndi posunga.

Maganizo a kopaletivi anabadwira ku banki mkhonde yathu ya amayi. Kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kenaka mvula inadula chifukwa cha El Niño mpaka boma linalengeza mu Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Tinaona kuti ndalama zimene timagawana kumapeto kwa chaka zikutha mphamvu zili m'bokosi, pamene thumba la chimanga likukwera mtengo lili m'nyumba ya wina. Ndiye tinati tizigula chimanga kwa mamembala athu pa nthawi yokolola, tisunge, tidzagulitsane tokhatokha nthawi ya njala. Abambo anabwera pambuyo ataona kuti sizamasewera.

Za mapepala sindichedwapo. Lamulo la makopaletivi la 1998 limafuna anthu osachepera 10, malamulo a gulu olembedwa, ndiponso kulembetsa ku unduna woona za malonda. Chimene chinatidyera nthawi ndi masheya. Tinavomereza kuti wopanda ndalama azilipira sheya ndi chimanga choyezedwa pa sikelo. Bambo wina wa golosale anafuna kugula masheya ambiri kuti mawu ake azilemera pa msonkhano. Tinamuuza kuti mu kopaletivi munthu mmodzi voti imodzi, kaya wabweretsa ngolo yodzaza kaya ndowa. Anakwiya, koma sanatuluke.

Posungira tinachita lendi chipinda kuseri kwa chigayo, n'kuyala mitengo pansi kuti matumba asakhudze simenti. Timagwiritsa ntchito matumba a PICS, aja a mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja. Ukamanga bwino mpweya sulowa, anankafumbwe amafera momwemo, ndipo sipafunika kuthira mankhwala. Koma matumbawa safuna chimanga chachinyezi, chimachita chuku. Alangizi anatiphunzitsa kuyeza ndi mchere: chimanga pang'ono ndi mchere wouma m'botolo louma, kukhutchumula, mchere ukamata m'mbali ndiye kuti chimanga sichinaume.

Ntchito yoyeza ndi yanga, ndipo woyamba kumubwezera chimanga anali azakhali anga enieni.

"Mwana wa achimwene anga, ukubweza chimanga cha ine amene ndinakubereka kumsana?"

"Azakhali, onani nokha mcherewu. Kayanikeni pa mkeka, mubwere nacho chikauma, ndidzakulandirani ndi manja awiri."

Anapita akung'ung'udza, koma anthu onse amene anali pamzere anaona. Kuchokera tsiku limenelo palibe amene anandipemphanso kuti nditsinzine.

Nkhani yovuta kwambiri inali ya maliro, ndipo aliyense wofuna kuyamba gulu ngati lathu aiganizire asanagule ngakhale thumba limodzi. Kwathu kuno zovuta zikagwa, anthu amagona pasiwa, adzukulu okumba manda ayenera kudya, ndipo mudzi wonse ukudziwa kuti kuseri kwa chigayo kuli chimanga. Amfumu akatuma nyakwawa kudzapempha thumba, ndani angayankhe kuti ayi? Nawenso mawa lidzakugwera. Koma miyezi ya mvula maliro amachuluka, ndipo tikanati tizitsegula chitseko pa maliro alionse, pofika Febuluwale m'chipindamo mukanatsala makoswe okha, ana a mamembala n'kumagonera madeya.

Tinakangana kwambiri. Ena ankati kukana ndi kupanda umunthu, ena ankati ndi chuma cha anthu, sichamudzi. Ine ndinaona kuti onse akunena zoona. Pomaliza tinapita kwa amfumu tokha, tisanapemphedwe, n'kuwafotokozera kuti membala aliyense azipereka beseni limodzi la chimanga pokolola, losiyana ndi sheya, ndipo chimenecho chizisungidwa padera ngati cha zovuta. Chikatha chatha. Amfumu anavomera, nawonso anapereka beseni lawo, ndipo zimenezi zinatithandiza kuposa lamulo lililonse lolembedwa. Pachitseko pali maloko atatu: kiyi wina kwa wapampando, wina kwa msungichuma, wina kwa membala wamba amene timasintha. Wina akamukakamiza usiku, amangoti ndekha sindingatsegule, ndipo sakunama.

Pogulitsa timayamba ndi mamembala, pa mtengo wobweza ndalama yogulira, matumba ndi lendi, n'kuikapo pang'ono kuti gulu likule. Osakhala membala amagula mokwererapo. Timalola kugula ngakhale makilogalamu awiri, chifukwa mayi wochokera ku ganyu sangakwanitse thumba la makilogalamu 50. Tinaikanso malire pa banja lililonse titazindikira kuti mavenda ena akutuma ana kudzagula pang'onopang'ono. Ngongole ya chimanga sitipereka. Wofuna ngongole apite ku banki mkhonde, akabwere ndi ndalama m'manja. Buku limakhala pa tebulo, aliyense atha kulitsegula, ndipo osadziwa kuwerenga timawawerengera mokweza pa msonkhano.

Panopa tikukangana zoti tionjezere chiyani. Achinyamata akufuna mafuta ophikira ndi shuga zokapikula ku Lilongwe, akuti zimayenda msanga. Ine ndaima pa nyemba. Timalima tokha, zimasungika m'matumba omwewo, ndipo mu Febuluwale ana ambiri kuno amadyera nsima nkhwani wopanda ngakhale nsinjiro. Tidzavota pa msonkhano waukulu tikamaliza kukolola, ndipo ndayamba kale kuyenda khomo ndi khomo kukopa amayi anzanga.