Yohane, John, Joni ndi Juwawo: dzina ndi limodzi koma pepala silidziwa

Khalani pabenchi kusikelo ya ana kuno ku Mulanje n'kumamvetsera alangizi a zaumoyo akamaitana maina. Simuchedwa kumva John. Ngati si mwanayo ndiye bambo ake, kapena agogo amene dzina lawo linasanduka la banja lonse. Tsikirani kumsika wa pa Limbuli kapena kumalire ku Muloza, mumva wina akuitanidwa Juwawo. Kuminda ya tiyi kapitawo akufuula Joni, ndipo Loweruka ku Malamulo kapena Lamulungu ku Mulanje Mission mlaliki akutsegula Yohane mutu 3. Ambiri amayesa maina anayi. Ayi, ndi dzina limodzi lomwe lakhala likuyenda m'malilime a anthu kwa zaka zoposa 2,500, kwina kutaya chilembo, kwina kutola china.

Kwawo kwa dzinali ndi m'Chiheberi, komwe lathunthu ndi Yehohanan, lofupikitsa Yohanan. Lili ndi zigawo ziwiri. Yeho kapena Yo ndi chidule cha dzina la Mulungu, lija Buku Lopatulika limalemba kuti Yehova ndipo Buku Loyera limati Chauta. Chigawo chachiwiri, hanan, ndi mneni wotanthauza kukomera mtima munthu amene alibe chobwezera, kumuchitira chisomo. Mukalumikiza mupeza chiganizo chathunthu: Yehova wachita chisomo. Choncho banja limene lili ndi Yohane ndi Chisomo m'nyumba imodzi latcha dzina limodzi kawiri, ndipo palibe cholakwa.

Muzu womwewu uli mu Hana, amake a Samueli, amene analira nthawi yaitali asanapeze mwana. Ulinso mu Hananiya, mnzake wa Danieli uja ku Babulo anamusintha kukhala Sadrake. Kungoti pamenepo zigawo zatembenuzidwa, chisomo patsogolo, dzina la Mulungu pambuyo. Mdalitso wa ansembe pa Numeri 6:25, pamene pakuti Yehova akuchitire chisomo, wagwiritsa mneni yemweyu.

Pali matanthauzo awiri olakwika amene amamveka kawirikawiri pa mapemphero a mwana wakhanda. Ena amati Yohane ndiye kuti mphatso ya Mulungu. Ameneyo ndi Yonatani, kuchokera ku natan, kupereka. M'Chingerezi John ndi Jonathan amayamba mofanana n'chifukwa chake anthu amawasokoneza, koma si pachibale kupatula Yo wakumayambiriroyo. Ena amati ndi wokondedwa, pokumbukira wophunzira amene Yesu ankamukonda. Wokondedwa ndi Davide. Yona nayenso ndi wina, ameneyo ndi nkhunda.

M'Chipangano Chakale a Yohanani alipo angapo koma sanatchuke. Mwana woyamba wa Mfumu Yosiya anali Yohanani, pa 1 Mbiri 3:15. Amene nkhani yake ndi yaitali ndi Yohanani mwana wa Kareya, mkulu wa asilikali nthawi imene Yerusalemu anagwa m'manja mwa Ababulo cha m'ma 586 Yesu asanabadwe. Iyeyu anachenjeza bwanamkubwa Gedaliya kuti Ismayeli akufuna kumupha, Gedaliya osamva, n'kuphedwadi. Koma ndi yemweyunso amene anapempha Yeremiya kuti awafunsire kwa Mulungu, yankho litabwera n'kulikana, n'kutengera anthu ku Ejipito. Zili pa Yeremiya mitu 40 mpaka 43.

Dzinali linadzakwera pambuyo pake, nthawi ya Amakabeo, banja lomwe linamenyera Ayuda ufulu kwa mafumu achigiriki. Mmodzi mwa abale asanu a m'banjalo anali Yohanani, ndipo John Hyrcanus wa banja lomwelo analamulira kuyambira 134 mpaka 104 Yesu asanabadwe. Katswiri wina wa mbiri, Tal Ilan, anasonkhanitsa maina a Ayuda a nthawi imeneyo kuchokera m'zolembedwa ndi pamabokosi osungiramo mafupa a akufa. Pa maina a amuna a ku Palestina, Yohanani ali pa nambala 5, pambuyo pa Simoni, Yosefe, Lazaro ndi Yudasi. Ndiye musadabwe kuti Chipangano Chatsopano chili ndi a Yohane ambiri: Mbatizi, mwana wa Zebedayo, Yohane wotchedwanso Marko pa Machitidwe 12:12, ndi wina wa kubanja la mkulu wa ansembe pa Machitidwe 4:6.

Nambala 5 imeneyi imathandiza kumvetsa bwino nkhani ya pa Luka 1:57-66, yomwe munthu wa kwathu kuno angaimve msanga kuposa mzungu. Mwana wabadwa kwa Elizabeti ndi Zakariya, onse okalamba. Tsiku la 8 abale ndi anansi asonkhana kudzachita mdulidwe, ndipo dzina abwera nalo kale: mwanayu ndi Zakariya, atenge la bambo ake. Mayi akuti iyayi, ndi Yohane. Abale sakunena kuti dzinalo ndi lachilendo kapena loipa, popeza a Yohane anali mbwee m'dziko monse. Dandaulo lawo ndi lakuti kumtundu kwanu kulibe amene anatchedwapo dzina limeneli. Ndani sanamvepo mawu amenewa pakhonde, azakhali atakhala pamphasa, mwana ali pamiyendo, amake mwana maso ali pansi? Kwa ife mwana amatuluka m'chikuta mchombo ukagwa, kawirikawiri pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo m'mabanja ambiri dzina la mwana woyamba limachokera kuchimuna ngakhale bamboyo ali pachikamwini. Wotcha dzina amaponyapo kangachepe, sopo kapena kandalama, ndipo dzinalo nthawi zambiri limadzutsa agogo ena amene anatisiya. Mayi kutsutsa pamenepo si nkhani yamasewera.

Abale aja anatembenukira kwa Zakariya, amene anali asakulankhula kuyambira tsiku lija anakayika mawu a mngelo Gabrieli m'Kachisi. Iye anapempha cholembapo n'kulemba kuti dzina lake ndi Yohane. Onani mneniyo: sanalembe kuti adzakhala, analemba kuti ndi. Mkangano unathera pomwepo, pa cholembedwa, osati pa mawu apakamwa. Asilamu nawonso nkhaniyi ali nayo. M'Korani, Sura 19 ndime 7, mwana wa Zakariya akutchedwa Yahya, ndipo ndiwo a Yahaya amene tili nawo m'midzi ya Ayao kuno.

Nanga zinatheka bwanji kuti Yohanan akhale John? Agiriki analibe chilembo cholembera h wapakhosi uja pakati pa mawu, ndiye anamusiya, n'kuwonjezera mchira wawo wa maina a amuna: Ioannes. Chilatini chinadzabwezeretsa h, kukhala Iohannes kapena Johannes, J ameneyo akutchulidwa ngati Y. Kuchoka apo mtundu uliwonse unadula mmene unafunira. Afalansa Jean, Asipanishi Juan, Ataliyana Giovanni, Arasha Ivan, Ajeremani Johann ndi Hans, Asikotishi Ian, Apwitikizi João. Angerezi anasunga h polemba koma anasiya kumutchula, ndipo J wawo anauma n'kukhala mmene timamumvera lero. Amene anamasulira Baibulo m'chinenero chathu, lomwe linatuluka lathunthu mu 1922, anabwerera kufupi ndi gwero: Y alipo, h akumveka, ndipo mawu akuthera pa lembo la liwu monga mawu athu onse. Kunena zoona Yohane ali pafupi ndi Chiheberi kuposa John, ngakhale makolo ena amaona ngati Yohane ndi lachikale, la kumudzi.

Juwawo ndi João yemwe uja atadutsa pakamwa pathu. Analowa ndi Alomwe ndi ena amene ankachokera ku Mozambique kuthawa ulamuliro wa Apwitikizi n'kudzagwira ntchito m'minda ya azungu ku Mulanje ndi ku Thyolo, monganso José anasandukira Zuze. Joni ndi John wowonjezeredwa i kuti lilime lipume. Ndipo tikamati mnyamata uja anapita ku Joni, sitinachoke padzinali, pakuti Johannesburg ndi mudzi wa Johannes.

Kutchuka kwa John kuno kunadza ndi mishoni ndi ubatizo, pamene munthu wamkulu ankasankha kapena kupatsidwa dzina la m'Baibulo polowa mpingo. John Chilembwe anabatizidwa mu 1893 ndi Joseph Booth, yemwe uja anadzayambitsa mishoni ya Plainfield ku Thyolo imene lero ndi Malamulo. Chilembwe anapita ku America mu 1897, anabwerako mu 1900 n'kukhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, anaukira atsamunda pa 23 Januwale 1915, ndipo anaphedwa pa 3 Febuluwale chaka chomwecho chakuno ku Mulanje akulunjika kumalire. Lero nkhope yake ili pa K500 ndi pa K2,000, ndipo 15 Januwale ndi tsiku lake. Panali John winanso amene dzina lake silinagwire: John Moir wa African Lakes Company, amene anadzalima ku Lauderdale kunsi kwa phiri. Anthu ataona magalasi ake akunyezimira anangomutcha Mandala, ndipo ndi limene linatsala. Akatolika achikulire amakumbukiranso Meyi 1989 pamene Papa Yohane Paulo Wachiwiri anafika m'dziko muno. Kumaiko a azungu dzinali linatsika. Ku America linali loyamba pa maina a ana aamuna kuyambira 1880 mpaka 1923, koma tsopano lili kutali ndi pamwamba. Kwathunso achinyamata akuthamangira maina ena omveka zachilendo, moti mwana wotchedwa Yohane lero angathe kukhala yekha m'kalasi, chinthu chimene bambo ake John sanachionepo.

Kwa amene amatsata kalendala ya mpingo, masiku ndi atatu. Pa 24 Juni, m'kati mwa chisanu ndi chiperoni, ndi kubadwa kwa Yohane Mbatizi, miyezi 6 Khirisimasi isanafike potsata Luka 1:36. Pa 29 Ogasiti ndi kuphedwa kwake. Pa 27 Disembala, tiyi ali pachimake, ndi tsiku la Yohane mtumwi. Auzeni abambo mfumu kapena akatekisiti kuti mukunena Yohane uti, chifukwa nkhoswe ya mwana ndi mmodzi mwa awiriwa. Kumbukiraninso kuti ngati ndi mwana woyamba, dzinalo ndi lanu lomwe: kuyambira tsiku limenelo mudzi wonse uzikuitanani kuti bambo a Yohane, amake a Yohane, mpaka imvi. Liyeseni pakamwa musanavomere.

Vuto lenileni la dzinali lili pa mapepala. Kuchipatala mayi wobereka bwinobwino amatulutsidwa msanga, mchombo usanagwe, dzina lisanatchedwe, ndiye pakabuku ka mwana pamangolembedwa dzina la mayi kapena dzina longogwirizira. Kumudzi mwana atchedwa Yohane. Kutchalitchi, ngati ndi mpingo wobatiza makanda monga CCAP kapena Katolika, mlembi alemba John poganiza kuti ndi chimodzimodzi. Pokalembetsa Sitandade 1 ali ndi zaka 6 apita ndi agogo, amene anena kuti Joni, mphunzitsi n'kulemba Jon. Pofika mayeso a Sitandade 8 mwanayo walemba yekha Jhon. Zonsezi palibe amene amazindikira mpaka akwanitse zaka 16, pofuna chiphaso cha unzika, kapena pambuyo pake akufuna pasipoti, akaunti ya kubanki kapena ntchito. Kompyuta sidziwa za Chiheberi ndi Chigiriki; kwa iyo Yohane ndi John ndi anthu awiri. Pamenepo pamayamba maulendo a kuboma, makalata a amfumu ndi afidaviti yolumbira kuti anthu onsewa ndi mmodzi, ndalama ya minibasi ikungopita.

Kupewa kwake n'kosavuta. Lamulo la kalembera limafuna kuti mwana alembetsedwe pasanathe masabata 6 chibadwire, nthawi yomweyonso imene amabwerera kuchipatala kukalandira katemera, choncho mpata wodikira mchombo ndi kumvana ndi akuchimuna ulipo wokwanira. Dzina likagwirizanidwa, lilembeni papepala ndi zilembo zazikulu, ndipo pepala limenelo ndi limene muzipereka kwa aliyense wodzaza fomu, osati kungotchula pakamwa pawindo pali phokoso. Fomu ikadzazidwa iwerengeni musanasaine; ngati kuwerenga kumavuta, pitani ndi wina. Satifiketi ya kubadwa ikatuluka kuchokera ku National Registration Bureau, ikhale mayi wa mapepala ena onse, ndipo kusukulu ndi kutchalitchi azikopera pamenepo.

Mukasankha John, samalani h. Poti satchulidwa, anthu amamuika paliponse, Jhon, Jonh, kapena kumuiwala. Malo ake ndi pakati pa o ndi n. Mukasankha Yohane, samalani chilembo chomaliza. Yohana wothera ndi a m'Baibulo lathu ndi mkazi, mkazi wake wa Kuza kapitawo wa Herode pa Luka 8:3, ngakhale ku Tanzania m'Chiswahili Yohana ndi mwamuna. N wa Yohane ndi mmodzi. A João dziwani kuti makalata ambiri kuno amatuluka opanda kachizindikiro kapamwamba kaja, ndiye ndi bwino kusankhiratu pakati pa Joao ndi Juwawo, makamaka ngati mwanayo ali ndi abale mbali zonse za Muloza ndipo adzafuna kuwoloka ndi chiphaso.

Msampha wotsiriza ndi wa mabanja amene dzina la bambo kapena la agogo ndi John kale. Mwana akatchedwanso John amatuluka John John, ndipo akakhala ndi dzina lina monga Chisomo John, alembi amatembenuza n'kulemba John Chisomo poyesa kuti loyamba ndi lachizungulo. Pa fomu onetsetsani bokosi la dzina loyamba ndi bokosi la dzina la bambo, chala chili pomwepo. Ngati mukufunitsitsa kudzutsa dzina la agogo John, mutcheni mwanayo Yohane: agogo adzuka ndithu, koma pakaundula wa sukulu mayina awiriwo sadzagundana.