Mbiri ya moyo wanga, gawo 11: Mutu umene ndinaulumpha

M'gawo lapitali ndinalekezera pa tsiku limene ndinagwira choko koyamba monga mphunzitsi wa Bayoloji. Lero ndinena za cholakwa chimene ndinachita chaka chomwecho, chimene ndikachikumbukira mtima umandiwawabe.

Kumapeto kwa silabasi ya kalasi yomaliza kunali mutu wa evolution, chiphunzitso chakuti mitundu ya zamoyo imasintha m'kupita kwa mibadwo, ndiponso kuti zamoyo zonse n'zapachibale ukazitsata kumbuyo. Kutatsala sabata imodzi kuti ndiufike mutuwo, mphunzitsi wina wachikulire, munthu wondifunira zabwino, anandikokera pambali. "Mwana wanga, umenewo ingowalemberani manotsi pabolodi. Musautsegulire pakamwa. Makolo akadzabwera kuno mudzaima nokha."

Ndinamvera. Ndinadzaza bolodi, kufufuta, kudzazanso, ana akukopera chete. Mtsikana wina amene ankakhala kutsogolo, wanzeru kuposa onse m'kalasimo, anakweza mkono.

"Madamu, kodi inuyo zimenezi mumazikhulupirira?"

Ndinayang'ana wotchi. "Lembani, zibwera pa mayeso."

Patapita masiku, ndikuchonga makope, ndinapeza pamwamba pa tsamba lake timalemba ting'onoting'ono ta pensulo: "Bodza loloweza." Manotsi onse anawalemba mwaukhondo, osaphonya liwu. Ndinakhala ndi kopelo m'manja nthawi yaitali. Mwana uja anafuna kudziwa, ine n'kumuphunzitsa kuti kusukulu munthu amaloweza zimene akuziona ngati bodza kuti apeze malikisi. Anamaliza sukulu chaka chomwecho, ndipo sindinapezenso mpata womuyankha.

Mantha anga sanali a makolo okha. Ndinakulira m'nyumba imene Baibulo linkawerengedwa madzulo alionse. Abambo anga anali mkulu wa mpingo, ndipo mutu woyamba wa Genesis ankauwerenga pang'onopang'ono, akuima pa tsiku lililonse la chilengedwe ngati akuliona ndi maso. Ku koleji ndinaphunzira za evolution, ndinakhoza bwino, koma m'mutu mwanga ndinamanga zipinda ziwiri n'kutseka chitseko chapakati. Funso la mtsikana uja linagogoda pa chitseko chimenecho.

Tchuthi chotsatira ndinachithera m'mabuku. Ndinkafuna ndimve nkhaniyi kuchokera pa tsinde, osati monga ndinaiwerengera pofuna kukhoza mayeso.

Chimene chinandidabwitsa choyamba n'chakuti Charles Darwin, amene anatchukitsa chiphunzitsochi, anapita ku yunivesite ya Cambridge ndi cholinga chodzakhala m'busa. Mu 1831 anakwera sitima ya pamadzi yotchedwa Beagle, n'kuzungulira dziko zaka zisanu akutola zomera, mbalame ndi mafupa akale. Atabwerako anakhala ndi ganizo lake zaka pafupifupi 20 osalisindikiza, mpaka mu 1858 pamene katswiri wina wa zamoyo, Alfred Russel Wallace, anamutumizira kalata yofotokoza ganizo lomwelo. Buku la Darwin linatuluka mu 1859. Mfundo yake ndi yosavuta kuposa mmene ndinailembera pabolodi. Ana a chamoyo chilichonse sabadwa ofanana ndendende. Obadwa amachuluka kuposa amene malo angawadyetse. Amene ali ndi kanthu kowathandiza pamalopo ndiwo amapulumuka n'kubereka, ndipo kanthu kaja kamapita kwa ana awo. Zikachitika mibadwo yambirimbiri, mtundu umasintha. Ndipo nthawi ilipo yokwanira, poti miyala imasonyeza kuti dziko lili ndi zaka pafupifupi 4.5 biliyoni. Chiwerengero chija chakuti dziko linalengedwa mu 4004 Khristu asanabadwe sichili m'Malemba. Anachiwerengetsa ndi bishopu wa ku Ireland, James Ussher, mu 1650, osindikiza n'kuchiika m'mphepete mwa Mabaibulo achingerezi.

Ndinawerenganso za mkangano wa ku America, kumene nkhaniyi yakhala ikulowa m'makhoti. Mu 1925 dera la Tennessee linaletsa kuphunzitsa m'sukulu za boma kuti munthu anachokera ku nyama zina. Mphunzitsi wachinyamata, John Scopes, anaimbidwa mlandu m'tauni ya Dayton n'kulipitsidwa madola 100. Lamulolo linakhalapo mpaka 1967. Mu 1968 khoti lalikulu la dzikolo linathetsa lamulo lofanana nalo la ku Arkansas, pa mlandu umene anauyambitsa mphunzitsi wa Bayoloji, Susan Epperson. Otsutsa atalephera kuletsa, anasintha njira n'kumati evolution ndi nkhani ya chilengedwe ziphunzitsidwe zonse ziwiri mofanana, koma mu 1987 khoti lomwelo linakana lamulo lotere la ku Louisiana. Kenako kunabwera dzina latsopano, intelligent design, ganizo lakuti zamoyo zina n'zolukidwa mwaluso kwambiri moti payenera kukhala wina amene anazikonza. Ku Dover, m'dera la Pennsylvania, akuluakulu oyang'anira sukulu analamula kuti ana aziwerengeredwa mawu okayikitsa evolution asanayambe mutuwo. Aphunzitsi a sayansi anakana kuwawerenga. Makolo 11 anakasuma, ndipo mu December 2005 woweruza John Jones, munthu wopemphera, anagamula kuti intelligent design si sayansi. Makhotiwo ankatsata malamulo a dziko lawo, oletsa boma kukweza chipembedzo m'sukulu zake, choncho sakanandiuza chochita m'kalasi mwanga. Koma aphunzitsi a ku Dover aja anandichititsa manyazi. Iwo anakana kuwerengera ana mawu amene sankawavomereza, pamene ine ndinakana kufotokozera ana zimene ndinkadziwa kuti zili ndi umboni.

Panalinso china chimene ndinachipeza, chowawa, ndipo sindichibisa. Buku la Bayoloji limene linali pakati pa mlandu wa Scopes linkasanja mitundu ya anthu ngati makwerero, azungu pamwamba penipeni. Mu 1906 bambo wina wa ku Congo, Ota Benga, anamuika m'nyumba ya anyani kumalo osungirako nyama a Bronx ku New York kuti anthu azimuonerera, ndipo amene anadzuka kudzudzula zimenezi anali abusa achikuda. Choncho munthu wakuda akamva mawu akuti nyani m'kalasi n'kuumitsa nkhope, si kuti ndi mbuli. Mawuwo anagwiritsidwapo ntchito ngati chikwapu. Koma sayansi yomweyo itakula inagwetsa makwerero aja. Mafupa a Lucy, cholengedwa chakale chapachibale ndi munthu, a zaka 3.2 miliyoni, anapezeka ku Ethiopia mu 1974. Mapazi a ku Laetoli ku Tanzania, odindika m'phulusa zaka 3.6 miliyoni zapitazo, amasonyeza zolengedwa zoyenda choimirira. Mzungu, Mchaina ndi ine tonse makolo athu anachokera ku Africa, ndipo DNA (malangizo a m'maselo amene timatengera kwa makolo) ya anthu awiri alionse imafanana pafupifupi 99.9 peresenti.

Chaka chachiwiri, tsiku la mutuwo litafika, sindinagwire choko. Ndinadula timapepala 150 tating'ono ngati chikhadabo, 50 tofiira, 50 toyera, 50 tobiriwira, n'kutulutsa kalasi yonse kupita pa kapinga. Ndinamwaza timapepalato n'kusankha ana asanu. "Inu ndinu mbalame. Muli ndi masekondi 20, tolani chimodzichimodzi." Anathamanga akukuwa, anzawo akuwachemerera. Kenako tonse tinagwada kufufuza totsala, ndipo kalikonse kopulumuka tinakawonjezera kena ka mtundu wake, ngati kabereka. Titabwereza katatu, tinakayala totsalato pa tebulo. Tofiira tinali towerengeka, toyeranso chimodzimodzi, tobiriwira mulu.

"Ndani anasintha mtundu wa kapepala?" ndinafunsa.

"Palibe, madamu."

"Nanga bwanji gulu lonse lasanduka lobiriwira?"

Mnyamata wina wosakonda kulankhula, mawondo ali ndi udzu, anayankha chapansipansi: "Zinazo zadyedwa zisanabereke." Sindidzaiwala nkhope yake. Anali atachiona yekha.

Ndinawafotokozera kuti zotere zinayezedwa ndi anthu. Asayansi awiri, Peter ndi Rosemary Grant, anakhala zaka zambiri akuyeza milomo ya timbalame pa kachisumbu ka Daphne Major ku zilumba za Galápagos m'nyanja ya Pacific. Chilala cha 1977 chitapha timbalame tambiri, totsala tinali ta milomo yokulirapo, totha kuswa njere zolimba, ndipo ana awo anabadwa ndi milomo yokulirapo. Ndinawakumbutsa chifukwa chimene adokotala amanenera kuti tizimwa mankhwala monga atilembera: mabakiteriya opirira mankhwala akapulumuka amaswana, mawa mankhwalawo n'kusiya kugwira. Alexander Fleming, amene anatulukira mankhwala a penisilini, anachenjeza za zimenezi mu 1945. Namwino kapena mlangizi wa zaulimi wosamvetsa mfundoyi sangamvetse chifukwa chake udzudzu kapena mbozi zasiya kufa ndi mankhwala amene kale ankazipha.

Lachitatu sabata yotsatira ahedi anandiitanitsa. Mu ofesi munali bambo ake a mnyamata wa mawondo a udzu uja, mlaliki, atavala jekete, Baibulo lili pamiyendo. Sanakalipe. Analankhula mwaulemu, ndipo ulemuwo unandilemera kuposa kukalipa.

"Madamu, ine mwana wanga ndinamulera kuti adziwe kuti ndi chifanizo cha Mulungu. Wabwera kunyumba akuti tinachokera kwa anyani. Ngati simungauchotse mutuwu, phunzitsani zonse ziwiri ana asankhe okha. Si paja inu nomwe mumati ndi theory chabe?"

Manja anga ankanjenjemera pansi pa tebulo. Ndinati, "Abusa, nanenso ndine mwana wa mkulu wa mpingo, ndipo zimene mukuopa ndikuzimva. Koma sindinanene kuti nyani anabereka munthu. Ndinati munthu ndi chimpanzi ali ndi kholo limodzi lakale kwambiri, zaka 6 kapena 7 miliyoni zapitazo, monga asuweni amakumanirana pa agogo, wina osabereka mnzake."

Ndinatenga pepala pa tebulo la ahedi n'kujambula timizere tiwiri tolumikizana. Ndinawauza kuti munthu ali ndi mapeya 23 a makromozomu, timitolo ta DNA ta m'maselo, pamene chimpanzi ndi gorila ali ndi 24. Ngati tili pachibale, peya imodziyo inapita kuti? Asayansi atayang'ana kromozomu yathu yachiwiri anapeza kuti ndi ziwiri zolumikizika, ndipo pakati pake pali zizindikiro zimene zimapezeka kunsonga kwa kromozomu, ngati mfundo pa zingwe ziwiri zolunzanitsidwa. Mawu akuti theory m'sayansi amatanthauza kufotokoza kumene kwayesedwa motere kambirimbiri osagwa. Ngakhale zakuti tizilombo timayambitsa matenda zimatchedwa theory.

"Nanga Genesis?" anafunsa.

"Genesis ndimamuwerenga, abusa, ndipo sindidzauza mwana wanu kuti kulibe Mulungu. Ndilibe chida m'labu choyezera zimenezo. N'chifukwa chakenso sindingaike chikhulupiriro pa sikelo imodzi ndi mafupa ndi DNA. Ndikatero ndiye kuti ndauza ana kuti Mulungu angathe kulephera mayeso a m'labu. Komanso m'kalasimo muli ana a zipembedzo zosiyanasiyana. Ndingaphunzitse chilengedwe monga mwa mpingo uti?"

Ndinawatchulira kuti Papa John Paul II ananena mu 1996 kuti evolution yaposa pa kungokhala ganizo loyerekeza, ndiponso kuti Francis Collins, amene anatsogolera ntchito yowerenga DNA yonse ya munthu, ndi Mkhristu wosabisa. Anapukusa mutu. Anati chikhulupiriro chawo sichitsamira pa anthu amenewo, ndipo tsiku lolembedwa m'Malemba ndi tsiku basi. Pamenepo sitinagwirizane, ndipo sindinayembekezere kuti tigwirizana. Ahedi ananena mwachidule kuti mutuwo uli mu silabasi ndipo uphunzitsidwa. Abusa anaimirira, n'kupempha kapepala kanga ka timizere kaja, n'kukapinda bwinobwino, kukaika m'thumba la jekete. Sanamuchotse mwana wawo m'kalasi mwanga.

Mawa lake mnyamatayo anatsalira anzake atatuluka. Anaima pafupi ndi tebulo langa akupotokola lamba wa chikwama.

"Madamu, kodi n'zotheka kuvomereza zija za timapepala koma n'kumapempherabe?"

Linali funso lomwe lija la mtsikana wa pensulo, litangovala zovala zina. Ulendo uno sindinayang'ane wotchi. Ndinamuuza akhale pansi. Ndinati inde, ine ndimavomereza umboniwo ndipo ndimapemphera, ngakhale kuti pali mafunso ena amene ndikulimbana nawobe, monga la imfa ndi kuvutika kwa zamoyo kwa zaka mamiliyoni. Ndinamuuzanso kuti asanyoze bambo ake, chifukwa anabwera kusukulu pomukonda. Tinakambirana mpaka belu linalira.

Madzulo a tsikulo ndinalembera abambo anga kalata ya masamba anayi, yoyamba m'moyo wanga yowauza zimene ndimaphunzitsa ndi zimene ndimakhulupirira. Yankho lawo linabwera patapita milungu itatu, lolembedwa ndi inki ya buluu pa tsamba long'amba m'kope, ndipo ndilo ndidzayambire gawo 12.