Zimene ndaphunzira pa mphamba zodutsa ku Batumi

Pa maphunziro athu a zokopa alendo tinapatsidwa ntchito yosankha ulendo umodzi umene makampani amagulitsa kunja, kenako tifotokoze chimene mlendo amalipira kwenikweni. Anzanga ambiri anathamangira za magombe ndi nyama zikuluzikulu. Ine ndinasankha maulendo okaona mbalame zikusamuka ku Batumi, m'chigawo cha Adjara ku Georgia, m'mbali mwa Black Sea. Sindinapondeko kumeneko, zonse ndazipeza powerenga ndi kuyang'ana mapu, koma ntchitoyi yandisintha maganizo pa zimene wotsogolera alendo ayenera kudziwa.

Funso loyamba linali lakuti, bwanji Batumi? Mbalame zikuluzikulu zolusa, monga mphamba ndi ziwombankhanga, sizikonda kukupiza mapiko ulendo wonse. Dzuwa likawomba pamtunda, mpweya wotentha umakwera, ndipo mbalame imalowa mu mpweyawo n'kumazungulira osakupiza mpaka itakwera pamwamba zedi. Ikatero imangotambasula mapiko n'kutsetsereka mpaka ikapeze mpweya wina wokwera. Pamwamba pa nyanja mpweya wotere ndi wosowa, choncho mbalame zochokera ku Russia ndi kum'mawa kwa Ulaya zimalambalala Black Sea. Kumbali inayo kuli mapiri a Lesser Caucasus, amene nthawi zambiri amakutidwa ndi mitambo. Zonse zimapanikizika pakampata ka pakati pa nyanja ndi mapiri, ndipo anthu amangokhala paphiri kuzidikirira.

Kuyambira mu 2008, bungwe la Batumi Raptor Count, limene linayambitsidwa ndi achinyamata a ku Belgium, lakhala likuwerenga mbalamezi pafupifupi chaka chilichonse, kuyambira pakati pa Ogasiti mpaka pakati pa Okutobala. Pa nyengo imodzi zimadutsa zoposa 1 miliyoni. Malo owerengera ndi awiri: Sakhalvasho, kufupi ndi nyanja, ndi Shuamta, chakumtunda pang'ono. Owerenga amakhala ndi magalasi oonera patali, tizipangizo todina ndi chala, ndi maovaova. Gulu la mbalame likamadutsa pakati pa malo awiriwa amayankhulana kaye kuti awerenge ndani, kuopa kuwerenga kawiri. Ndi ntchito yothyola khosi, kuyang'ana kumwamba kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo ambiri amaigwira mongodzipereka.

Pamene ndinachedwapo kwambiri ndi pa nkhani ya masiku. Mlendo akamalipira amaganiza kuti tsiku lililonse n'chimodzimodzi, pomwe ayi. Kumapeto kwa Ogasiti ndi kumayambiriro kwa Seputembala kumadutsa honey buzzard, mphamba yodya mphutsi za mavu. Kumapeto kwa Seputembala mpaka kumayambiriro kwa Okutobala ndi nthawi ya mphamba yofiirira yotchedwa steppe buzzard ndi ziwombankhanga. Wofuna mitundu yambiri yosiyanasiyana amalowa pakati pa Seputembala. Ndiye pali mvula, chifukwa Batumi ndi limodzi mwa madera a mvula yochuluka m'dziko lonselo. Ikagwa masiku angapo motsatizana mbalame zimaima kumpoto, alendo n'kumangomwa tiyi pakhonde. Kukangoyera, zonse zimene zinaunjikana zimabwera nthawi imodzi. Mitambo ikakuta mapiri zimakankhidwira kugombe n'kudutsa pafupi, koma kukakhala kopanda mtambo zimabalalika ndi kukwera patali moti zimangooneka ngati timadontho.

Apa m'pamene ndinaona kuti mlendo salipira mbalame, pajatu mbalamezo n'zaulere. Amalipira munthu amene madzulo amayang'ana za nyengo n'kunena kuti mawa tidzuke mbandakucha tikakhale ku Shuamta, kapena kuti mawa kumwamba kulibe kanthu, tiyeni kumathiriro a mtsinje wa Chorokhi tikaone za m'madzi. Kampani yolonjeza chiwerengero cha mbalame pa tsiku lakutilakuti ndimaikayikira. Yolonjeza masiku okwanira ndi wotsogolera wodziwa mphepo ndiye ikunena zoona.

Nkhaniyi ili ndi mbali yake yowawa. M'midzi ya kumeneko muli alenje amene amawombera mphamba zikamadutsa motsika, ngakhale lamulo limaletsa. Palinso mwambo wakale wokola mphamba yaing'ono yotchedwa sparrowhawk ndi ukonde, pogwiritsa ntchito kambalame kotchedwa red-backed shrike komangidwa pandodo ngati nyambo, kenako n'kuiphunzitsa kusaka zinziri. Alenje ndi okolawa si amodzi, ndipo oteteza mbalame kumeneko amayesetsa kuwasiyanitsa. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti owerenga ndi alendo ena amagona m'nyumba za mabanja a m'midzimo, kudya chakudya chawo ndi kulipira iwowo. Mbalame yamoyo imayamba kubweretsa ndalama pakhomo. Kampani yogoneka alendo ku hotela yam'tauni n'kuwatengera kuphiri pabasi m'mawa imapereka ulendo womwewo kwa mlendo, koma kumudzi imangosiyako fumbi. Mu ripoti langa ndinazilemba monga maulendo awiri osiyana.

Nanga kwathu kuno kukubwera pati? Mbalame zambiri zodutsa ku Gibraltar, pakati pa Spain ndi Morocco, zimathera kumadzulo kwa Africa, koma zina za njira ya kum'mawa yodzera ku Batumi, monga steppe buzzard ndi chiwombankhanga cha lesser spotted eagle, zimatsika mpaka kum'mwera kuno. Mphamba yofiirira imene imakhala phee pamtengo wa magetsi m'mbali mwa msewu mu Novembala mwina inawerengedwa ku Sakhalvasho masabata angapo apitawo. Mvula yoyamba ikagwa ngumbi n'kutuluka, ziwombankhanga zochokera kutalizi zimatera pachulu n'kumatola ngati nkhuku. Kambalame ka nyambo kaja nakonso kamafika kuno. Ku Liwonde timagulitsa kadzidzi wodya nsomba wotchedwa Pel's fishing owl ndi kambalame kodya tizilombo kotchedwa Böhm's bee-eater, zokhala konkuno chaka chonse, koma sindinamvepo kawirikawiri wotsogolera akuuza mlendo wa ku Ulaya kuti mbalame iyo yachokera kwanu.

Chimene chikundivutabe ndi kusiyanitsa mitundu iwiri ikuluikuluyo ili m'mwamba. Mabuku amati honey buzzard ili ndi kamutu kakang'ono kotulukira kutsogolo ndi mchira wautali, ndipo ikamazungulira mapiko amakhala ogona, pomwe steppe buzzard imawakweza pang'ono. Pa chithunzi ndimakhoza, koma pa vidiyo ya gulu lalikulu ndimasokonezekabe, makamaka zikakhala zanthete zobadwa chaka chomwecho, zimene zimafanana kwambiri.