Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: piyano ya Amalume ndi chiperoni

Zikomo nonse amene munandilembera gawo 6 litatuluka. Ambiri mwafunsa chinthu chimodzi: piyano ija anandisiyira Amalume yapulumuka bwanji kuno ku Mulanje? Zaka zanga zisanu za ku Limbe ndizidumpha, munalibe nyimbo. Lero tikambe za chinyontho.

Piyano ili ndi makiyi 88, oyera 52 ndi akuda 36. Kiyi iliyonse ndi kathabwa kakatali kokhala pa mapini awiri achitsulo, ndipo m'mabowo a mapiniwo muli kansalu ka felt. Chiperoni chikagwa mu June ndi July, kansaluko kamafufuma. Mukadina kiyi imatsika osabwereranso. Tsegulani thabwa lakutsogolo ndi lophimba makiyi, tulutsani kiyi yokakamirayo, mufinye kansaluko pang'ono ndi pulayala yosalala kukamwa. Bwezerani, yesani. Ikakakamirabe finyaninso, koma pang'onopang'ono, chifukwa mukapyoza muyeso kiyi imayamba kugwedera ngati dzino la mwana. Pini ikachita dzimbiri ipukuteni ndi kansalu kouma. Mafuta ayi, ngakhale dontho.

Piyano isatsamire khoma lakunja, ndipo mbaula isayandikire, kutentha kwadzidzidzi kumang'ambitsa thabwa. Mankhwala a njenjete aikeni pansi m'kati, poti njenjete zimadya felt wa tinyundo tomenya nsambo. Makoswenso amamanga zisa pansi pa makiyi.

Za mafutazi ndili nazo kukhosi. Amene munawerenga gawo 4 mukukumbukira bambo uja wa chikwama cha zida, amene anabwera kudzachuna piyano. Dzina sindimutchula, akudzidziwa yekha. Anathira mafuta a makina osokera m'makiyi, kenako n'kuyamba kukunga nsambo zonse tsiku limodzi kuti kiyi 49 ifike pa 440 Hz, mlingo wa liwu umene amachunira piyano. Piyano ili ndi nsambo zoposa 200, ndipo zonse pamodzi zimakoka chitsulo chake ndi mphamvu ya matani pafupifupi 18. Yakale, imene yakhala zaka osaichuna, imafunika kuikweza pang'ono, kuisiya ikhazikike, n'kudzaibwereranso. Iye sanadikire. Nsambo yoyamba inaduka ngati mfuti. Amalume anali chigonere kuchipinda, atatheratu thupi, koma anaimva. Anandiitana, n'kungofunsa kuti, "Ndi iti yaduka, mphwanga?" Ndisanayankhe inaduka yachiwiri. Anatembenukira kukhoma. Yachitatu inaduka ndili chiimire pakhomo pawo, ndipo bamboyo analipiritsabe ndalama yonse. Amalume sanaimvenso piyanoyo ikulira bwino. Amene mumati ndimukhululukire, ndamva, koma sindinafikepo.

Ndiye pali ena mumaseka kuti baseball ikugwirizana bwanji ndi piyano. Choyamba, chiperoni sichisankha: glove yowakhira mpira wa baseball imene ndinaipeza pa kaunjika ku Chitakale imachita chuku sabata imodzi ndikaiiwala m'thumba. Ndimaipukuta, kuika mpira m'kati, n'kuimanga ndi chingwe kuti isaphwatalale. Chachiwiri ndi kope lolembamo zigoli.

Loweruka masana timasewera ndi ana pabwalo la sukulu. Akuluakulu amasiya mamita 27 pakati pa base ndi base (malo oimapo wothamanga), ife timasiya 18. Ma base athu ndi matumba a feteleza othira mchenga, mpira ndi wa tenisi, chifukwa weniweni uja wa zisoko 108 ungathyole chala cha mwana wopanda glove. Wolemba zigoli salemba nkhani. Malo onse 9 ali ndi nambala: woponya ndi 1, wowakha kumbuyo 2, mpaka 9. Mukaona 6-3, ndiye kuti wa pa 6 watola mpira n'kuponyera wa pa base yoyamba, womenya watuluka. K ndiye kuti womenya waphonya mpaka kutuluka. Masewera onse amakwana patsamba limodzi, ndipo patapita chaka mutha kuwaonanso m'mutu.

Piyano ndimailembera chimodzimodzi, kumapeto kwa kope lomwelo: tsiku, nambala ya kiyi, vuto, chimene ndachita. Ndi mmene ndinadziwira kuti kiyi 40, C wapakati uja, imayamba kukakamira nkhungu ikakuta Sapitwa masiku atatu, anzake asanayambe. Magawo mukuwerengawa nawonso amayambira m'kope lomweli, mizere iwiri itatu ya pensulo, chifukwa inki imafalikira pepala likanyowa.

Nsambo zitatu zija zinakhala zoduka zaka zinayi. Mmene zinapezekera, ndi chifukwa chake Achemwali sanandilankhule mwezi wathunthu, tidzakamba m'gawo 8.