Maxply ija yalowa m'bwalo

Anzanga a tenisi, laketi yakale yathabwa ya Dunlop Maxply Fort imene ndinaitola pa kaunjika ku Zigwagwa kuno ku Mzuzu ndaikunga zingwe tsopano, ndipo Loweruka ndamenyera mpira koyamba.

Ambiri munkaopa kuti thabwa lidzapezeka lopindika. Ayi, mutu wake ngwowongoka, mwini wake woyamba ayenera kuti ankaisunga m'chopanira. Chimene chandidyera masiku ndi mabowo a pakhosi. Laketi yathabwa ilibe timapulasitiki tija ta m'mabowo, chingwe chimakhudza thabwa lenilenilo, ndipo pamene zingwe zoimirira zimakhotera pakhosi, m'mphepete mwa bowo limodzi munali mutathwa ngati lumo. Ndikangokoka chingwe kuti kukungika kwake kufike mapaundi 50, thi! chaduka pomwepo. Ndinakwecha ndi sandipepa wopindapinda, ndinapaka kandulo, ndinachotsa vanishi wakale amene anaumira m'kati, koma chinkadukabe pamalo amodzimodziwo. Mtima unandiwawa, chifukwa chingwe cha nayiloni chimenechi amachita kunditumizira msuweni wanga pa basi kuchokera ku Johannesburg.

Anandipulumutsa ndi bambo wina wosoka nsapato ku Chibavi. Atayang'ana bowolo anangoti, "Achimwene, apa pakufunika chikopa." Anandidulira tizidutswa ta lilime la nsapato yakale, ndinatiika pansi pa chingwe pomwe chimakhotera, ndipo nkhani inathera pomwepo. Akale ankachitanso chimodzimodzi pa malaketi amenewa. Zingwe 20 zopingasa nazo zinavuta pa mabowo olowa zingwe ziwiri, koma kusongola nsonga ya chingwe ndi mpeni kunathandiza. Ndasiyira pa mapaundi 48. Katswiri wakale wa tenisi Bjorn Borg ankakunga laketi yake ya Donnay mpaka cha m'ma 80, koma thabwa lokalamba chonchi sindingalizunze choncho. Zingwe zouma za polyester musayerekeze n'komwe.

Ena mudzati bwanji osaika zingwe za matumbo a ng'ombe, zoyenerana ndi msinkhu wake. Ndimazilakalaka ndithu, koma zimadana ndi chinyontho, ndiye ndi nkhungu ya Mzuzu ndi mvula yowaza ija zingafumuke msanga.

M'bwalomo ndiye kukoma. Ikulemera pafupifupi magalamu 380, pomwe yanga ya masiku onse ndi 300, ndipo mutu wake ndi masikweya inchi 65 okha, osati 100 amene tinazolowera. Ukaphonya pakati mkono wonse umanjenjemera. Koma ukapeza pakatipo, slice ya backhand (kumenya modula mpira ndi kuseri kwa dzanja) imayenda chokwawa, mnzanga amene ndimasewera naye anachita kugwada kuti aitole. Topspin yamakono, yomenya mozunguza mpira chamtsogolo, iwalani, laketiyi imafuna kumenya mosalala ndi kuthamangira ku neti. Ndamvetsa tsopano chifukwa chake anthu amamulemekeza Yannick Noah, amene anapambana French Open mu 1983 ndi laketi yathabwa.

Chikopa cha pachogwirira chikufunika kusintha, ndiona mwezi ukatha. Chimene chili m'mutu mwanga ndi kusonkhanitsa malaketi athabwa okwanira kuti tichite mpikisano wa thabwa lokhalokha kuno kumpoto, a ku Nkhata Bay ndi a ku Rumphi abwere. Amene ali ndi laketi yathabwa ya Slazenger kapena Wilson Jack Kramer yogona m'nyumba ya agogo, andiuze, kukunga ndikunga ndine.