Chidindo cha amfumu sichinandibwezere ndalama zanga za soya

Ndalama zotsala, K310,000, ndazilandira sabata yatha, patatha miyezi 14 chigulitsireni soya wanga kwa bambo wina wogula mbewu pa Santhe, ndipo ndikulemba izi mtima usanazizire kwenikweni.

Kulakwa kunali kwanga. Nditakasuma kukhoti, samani itamupeza, bamboyo anabwera ndi amalume ake kudzapempha kuti tikambirane pachibale. Tinakhala pansi kwa amfumu, tinalemberana kuti azipereka K100,000 pakutha pa mwezi uliwonse, tonse tinasaina, amfumu nadinda. Pokhulupirira chidindo chija ndinapita kukathetsa mlandu. Munthuyo analipira mwezi umodzi wokha, kenaka foni yake inasiya kupezeka.

Tsiku limene limandiwawabe ndi limene ndinanyamula pepalalo kupita nalo kukhoti, ndikuganiza kuti madzulo ake katundu wa munthuyo akhala atalandidwa. Ndinalipira kabaza, ndinalipira minibasi, ndinakhala pabenchi kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, pepala lili m'jumbo pamiyendo, osalawa kanthu poopa kuti angandiitane nditachokapo. Kalaliki analiwerenga kamodzi n'kundibwezera. Anati, "Bambo, ili ndi pangano la inu awiri, si lamulo la khoti. Masherifu sangalande nalo ngakhale nkhuku." Sananame, koma ndinatuluka thukuta lili kamukamu chifukwa cha mkwiyo.

Ndinasumanso, n'kulipiranso ndalama yotsegulira mlandu. Pepala la kwa amfumu linathandiza monga umboni wakuti ngongoleyo anaivomera yekha, basi. Atapemphanso zokambirana ndinavomera, koma ulendo uno tinakaima pamaso pa majisitireti, ndipo zimene tinagwirizana zinalembedwa kukhala lamulo la khoti, limene maloya amati consent order. Musathetse mlandu zimenezi zisanachitike. Onetsetsaninso kuti mwalembedwa masiku enieni olipirira, ndiponso kuti akaphonya mwezi umodzi ngongole yonse yotsala iperekedwe nthawi imodzi.

Anaphonyadi mwezi wachiwiri. Ndinakapempha kukhoti chikalata cholola masherifu kulanda katundu wake, ndipo apa ndinaphunzira kuti wodziwa kumene kuli katundu wa wangongole ndi iwe mwini, kotero kuti ndinachita kuwatsogolera masherifu mpaka pa shedi yake. Njinga yamoto anati ndi ya mchimwene wake, koma sikelo ndi matumba a chimanga analibe pokanira. Katunduyo asanagulitsidwe pa okushoni, ndalama zinapezeka.

Ndayiwala kutchula malisiti. Ndalama iliyonse imene mwapereka kukhoti muitengere lisiti la boma, ndipo zimene wangongole wakulipirani muzilembe ndi tsiku lake, chifukwa iye anaumirira kuti anandipatsa zambiri kuposa zimene ndinalandira, ndipo chinandiombola ndi uthenga wa Airtel Money umene ndinausunga mufoni. Amalume ake aja ndinakumana nawo Loweruka pamsika wa Kasungu, akufunsa ngati chaka chino ndalimanso soya. Ndinawayankha kuti ndalima, koma aliyense wofuna kukambirana zamalipiro tikakambirana pamaso pa majisitireti.